Mzere wa Kalondolondo

Ndinamumanga Antonio Lachitatu m'mawa ana ake akuonerera, ndipo ndinamuyendetsa wapansi kudutsa pakati pa msika unyolo uli m'manja. Njira ina inalipo, yodzera kuseri kwa sukulu. Ya pamsikayo ndinaisankha dala. Ndinkafuna anthu a ku Zemba aone kuti Imelda Miti, wapolisi wamkazi amene ankamunena kuti amangodziwa kulemba m'buku, wagwira wakuba ng'ombe tsiku lisanathe n'komwe. Ndayamba ndi zimenezi kuti musavutike kundimvera chisoni kutsogoloku.

Sabata imeneyo ndinali ndekha pa kapolisi kathu. A Sajenti anali kumaphunziro ku Chipata, ndipo galimoto yotenga omangidwa kupita nawo kuboma inkabwera Lachisanu lokha.

Nkhani inayamba Lachiwiri, tsiku la maliro a Fulansisi, nkhalamba ya gule wamkulu imene inabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Mudzi wonse unali kumeneko. Cha m'ma sikisitini awazi amayi Zelesi analowa muofesi osaodira, mpango uli m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Ng'ombe zanga, mwanawe! Kapiteni ndi Sabata, zonse ziwiri zapita! Mitambo iyi ukuiona? Ine wamasiye ndilima ndi chiyani, mano?"

"Khalani pansi kaye, amayi. Munazimangirira pati?"

Anakonzakonza chitenje chawo, maso ali pansi. "Pachulu, kudambo. Pomwe ndimamangirira masiku onse."

Ndinalemba kuti pachulu. Kukaona malowo sindinapite ayi. Dzuwa linali litapendeka, njinga yanga inali yophwa, ndipo kunena zoona ndinali ndi ulesi. Ndinawauza kuti tifufuza, mawu amene timauza aliyense.

M'mawa mwake, ndisanatsegule mawindo, anafika Lemmy. Ameneyu anali ndi kashopu kotchajira mafoni pamsika, masola awiri padenga ndi mabatire a galimoto pansi pa tebulo. Pakamwa pake panali pozuna. Ndi iye yekha amene ankanditchula kuti a Siaidi, ngati kuti ndine wapolisi wofufuza milandu ikuluikulu, ndipo ine chitsiru ndinkamva kukoma.

"A Siaidi, lero ndakubweretserani mboni yosadya chiphuphu," anatero akuika foni patebulo.

Foniyo ndinkaidziwa, aliyense ankaidziwa. Inali yakuda, yonenepa ngati chidutswa cha sopo wochapira. Kampani ya thonje inaipereka kwa Antonio, mlangizi wake kudera lathu. Masiku amenewo mafoni athu anali oimbira ndi kuunikira basi, koma iyi inali ndi GPS. Inkalankhula ndi masetilaiti a kumwamba ngakhale kumalo kopanda netiweki. Antonio akazungulira nayo munda, inkatchula kukula kwake osaphonya, moti madala ena amene ankadzitama ndi maekala asanu anauzidwa pamaso kuti ndi atatu ndi theka. Inkajambulanso mzere wa konse kumene wayenda, poti kampani inalamula kuti isamazimitsidwe, mabwana azidziwa ngati mlangizi akuyenderadi alimi kapena wakhala pamowa. Anthu anaipatsa dzina loti Kalondolondo. Chilema chake chimene tonse tinkachidziwa chinali batire. Ikamakwana fiftini awazi inkakhala itafa kale, n'chifukwa chake inkagona kwa Lemmy tsiku lililonse.

"Dzulo wabwera nayo kudzatchaja," anapitiriza Lemmy. "Ine za eni sindifufuza, mukundidziwa, koma chala chinangodina chokha. Taonani."

Ndinawerama. Mapu a m'fonimo anali opanda kanthu. Amene anawapanga sankadziwa kuti kuno kumakhala anthu. Msewu panalibe, mtsinje panalibe, pankangooneka mzere wofiira ndi timbendera timene Antonio anaika m'makona a minda.

"Apa ndi pamaliro. Teni awazi munthu wanyamuka, komatu maliro a malume ake enieni. Ndiye onani mzerewu, phyoo, kudambo. Kambendera aka kalembedwa chiyani?"

"Mkuyu."

"Basi! Pamkuyu pomwe panali ng'ombezo. Wadutsa pomwepo, n'kukatulukira kumsewu setini awazi. Abale ake ali tsidya ilo la malire. Ng'ombe zija panopa zikudya udzu wa ku Mozambiki."

"Iweyo unali kuti?"

"Pamaliro, nanga kuti? Ndinachita kutseka shopu."

Ndinaona kale dzina langa likutchulidwa kuboma. Funso lina sindinafunse, ndinangotenga unyolo m'kabati.

* * *

Antonio anali wamtali, wofatsa, woimba besi mu kwaya ya mpingo umene tchalitchi chake chinali moyang'anana ndi nyumba yanga. Analowa m'dziko muno ali ndi zaka zinayi, ali pamapewa pa a Fulansisi. Titafika kuofesi ndinamuvula lamba ndi zingwe za nsapato, n'kumukhazika pabenchi.

"Dzulo kuyambira teni awazi mpaka setini awazi munali kuti?"

"Ng'ombe sindinabe, mayi."

"Sindinafunse zimenezo. Munali kuti?"

"Funsani china."

"A Antonio, musandiyese mwana. Munali kuti?"

Ankangoyang'ana nsapato zake zopanda zingwe.

"Mboni muli nayo?"

Anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa. "Zilipo zambiri. Koma palibe imene ingabwere."

Ndinafunsanso kachinayi, kenaka kachisanu ndikumenya tebulo. Nditatopa ndinamuikira foni ija pamphuno. Anauyang'ana mzerewo kwa nthawi yaitali, nkhope yake ikusonyeza kudabwa kwenikweni, koma ine ndinati n'zachinyengo.

"Kudambo sindinapondeko dzulo," anatero.

"Ndiye kuti foni ikunama?"

"Sindikudziwa. Ine ndimangoinyamula."

"Chabwino. Lachisanu mukwera galimoto. Mlandu wa ng'ombe ndi zaka, bambo, si miyezi ayi."

Masana anabwera mkazi wake, Felicia, ndi chakudya chokulunga m'nsalu. Panja panali patasonkhana kale anthu, ena akukuwa kuti obwera amenewa abwerere kwawo, ngati kuti Antonio sanakulire nawo m'mudzi momwemo. Felicia anadutsa pakati pawo osacheukira. Anaika mbale patebulo langa bwinobwino.

"Mwana wathu wamkulu wabwerera panjira ya kusukulu," anatero motsitsa mawu. "Anzake akumulirira ngati ng'ombe."

"Amuna anu akanangonena kumene anali, bwenzi zonsezi palibe."

"Ngakhale ine sanandiuze. Koma munthu ndagona naye nyumba imodzi zaka zisanu ndi zitatu, dzira la nkhuku ya eni sanatolepo." Anandiyang'ana m'maso. "Kodi inuyo, mayi, kudamboko mwapitako?"

Manyazi oyamba anandigwira pamenepo, koma anali aang'ono poyerekeza ndi amene ankandidikira.

* * *

Lachinayi ndinalawira. Foni ndinali nditaitchaja pa sola ya wailesi yathu ya polisi. Popeza mapu ake sankasonyeza njira, ndinafunika munthu wodziwa dambo, ndiye ndinaitana a Moses, wapampando wa achitetezo cha m'mudzi. Analinso mkulu wa mpingo wa Antonio, koma zimenezo sindinaziganizire. Amayi Zelesi nawonso ndinawatenga.

A Moses ankalankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga zolengeza. Tili m'njira ndinawafunsa za Lachiwiri.

"Antonio anali nafe ife a mpingo m'mawa. Tinaimba nyimbo ziwiri zopepesa anamfedwa. Kenaka, monga mudziwa, zilombo zikamayandikira ife timadzuka n'kuchoka, malowo timawasiyira eni ake. Pochoka paja nditacheuka, besi palibe. Ndinati mwina wapita kukathandiza zophika."

Tinayambira kumsewu, pomwe mzere unathera, kuti tiulondole chobwerera. Ndinaimika foni m'mwamba monga ankachitira Antonio. Kachizindikiro ka pakona kanaphethiraphethira kwa mphindi khumi zathunthu isanatipeze. Amayi Zelesi anafika pokhala pansi.

"Chinthu chanzeru chimenechi chikuchedwa kuposa ine wa nyamakazi," anatero.

Itatipeza tinanyamuka, ine patsogolo maso ali pagalasi. Mzere unatilowetsa m'minga ya mtete, tinapirira. Unatidumphitsa mpanda wa dimba la eni, tinadumpha. Kenaka a Moses anandigwira phewa.

"Mayi, yang'anani kutsogolo."

Ndinali nditatsala masitepe awiri kuti ndigwere m'dziwe. Madzi ake anali akuda bii, mbali zonse bango. Pafoni mzere wofiira unkadutsa pakati penipeni.

"Apa pamawolokeka?"

"Chaka chatha panamira ng'ombe," anatero a Moses. "Pokhapokha ngati Antonio wamera mapiko."

Ndinauyang'ananso mzerewo, tsopano ndi maso ena. Kuyambira m'mawa mpaka teni awazi unali wokhotakhota, monga amayendera munthu, kupewa chitsa apa, kupatukira pakhomo apo. Kuyambira teni awazi mpaka setini awazi unali wowongoka ngati wojambula ndi lula. Ndani amayenda choncho m'dambo? Ndipo mtunda wa theka la ola angauyende bwanji maola atatu?

Tinazungulira dziwelo n'kukafika pamkuyu, pakona pa munda wa a Moses. Apo mtima unakhalako pansi. Ndowe zinali mbwee, udzu wodyeka mozungulira, ndipo patsinde panatsala kachidutswa ka chingwe chodulidwa ndi mpeni. Ndinati eya, ng'ombe zinalidi pano, mwina sindinalakwitse.

"Nanga chulu chija chili pati, amayi?" ndinafunsa. Ine wa ku Katete ndinkangoganiza kuti chulucho chili patsinde pa mkuyuwo.

A Moses ndi amene analoza ndi ndodo kutali, tsidya lina la dambo, pomwe chulu chinkaoneka kakang'ono.

"Chulu cha a Zelesi ndi icho. Udzu uno ndi wanga, ndimasungira mbuzi." Anatembenuka pang'onopang'ono. "A Zelesi?"

Mayi uja anadziphimba kumaso ndi mpango. "Kalanga ine! A Moses, ndikhululukireni. Kuchulu udzu unatha, ng'ombe zinali nthiti zokhazokha. Ndinati lero mukhala pamaliro tsiku lonse, simudziwa. Ndinazibweretsa kusanache bwino. Tsiku limodzi lokhalo, ndikulumbira."

"N'chifukwa chiyani munandiuza kuti pachulu?" ndinafunsa.

"Mwanawe, ndikananena bwanji kuti ndaberedwa ndikuba udzu wa mkulu wa mpingo?"

"Munauzako ndani kuti zinali pamkuyu?"

"Ndiuze ndani? Mudzi wonse ndinauuza kuti pachulu. Ngakhale mwana wanga wobala ndekha akudziwa kuti pachulu."

Ndinatsegula kabuku kanga. Tsamba la Lachiwiri linati pachulu. Tsamba la Lachitatu, mawu a Lemmy, olembedwa ndi dzanja langa lomwe, linati pamkuyu pomwe panali ng'ombezo.

"A Moses, Lemmy munamuona pamaliro?"

"Lemmy wa mabatire? Ameneyo akanakhalapo tikanamumva tisanamuone."

* * *

Bwenzi nditabwerera pamenepo. Wakuba ndinali nditamudziwa, Antonio anali woyera. Koma mtima wofuna kuoneka wanzeru uja unali usanafe. Ndinkafuna kuti a Sajenti akabwera ndidzawafotokozere zonse, mpaka chifukwa chimene mzere unawongokera. Ndinauza amayi Zelesi kuti atidikire pamthunzi, ine ndi a Moses tikafike pomwe mzerewo unayambira kuwongoka. Batire linali litatsala kachidutswa kamodzi.

Tinakwera kamtunda. Kutsogolo kunali nkhalango ya kumanda, mitengo yaitali imene palibe amaidula. Foni sinatitengere kunjira yaikulu yomwe amadzera ndi maliro. Inatizungulitsa kuseri, kukanjira kakang'ono kolowera m'ziyangoyango. A Moses anayamba kutsalira m'mbuyo.

"Mayi, mukutsimikiza kuti ikuloza kuno?"

"Patsala masitepe makumi awiri."

"Mayi, imani."

Mawu awo anali atasintha. Ndinakweza mutu. Panthambi ya pakhomo pa kanjirako panali patamangidwa kansanza kofiira. Ndine Mchewa, palibe anafunika kundiuza. Kumeneko kunali kudambwe, kumalo a gule, kosafika mkazi ngakhale mwamuna wosalowa. Amene anali kumeneko sanena kuti analiko, ndipo sanena amene anamuona.

Mboni zambiri, palibe imene ingabwere. Antonio anali atandiuza zoona zokhazokha.

A Moses anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa foni osaganiza. Anaiika patali ndi maso monga amachitira okalamba. Kadontho kathu kanali pamwamba penipeni pa kadontho komaliza ka Antonio, nthawi yake yolembedwa pambali. Anaiyang'ana, anayang'ana kansanza kaja, n'kundibwezera.

"Teni awazi," anatero. "Ife tikutuluka, iye akulowa."

"A Moses, izitu ndi za polisi. Si za mpingo."

"Maso ndi anga, mayi. Sali a polisi."

Anatembenuka n'kuyamba kutsika, ndodo ikugogoda pansi. Ndinawatsatira ngati mwana woswa mbale. Nditayang'ana pafoni, kachizindikiro kaja kanali katayambanso kuphethira. Mitengo ya m'mphepete yokhayo inali itaitsekera kumwamba, yatitaya. Tinatenga amayi Zelesi, tinazungulira dziwe, tinadzera njira ya anthu, iyo ikungofunafuna. Inadzatipeza titaima kumsewu. Pomwepo, ine ndikuona, inajambula mzere watsopano wowongoka kuchokera kunkhalango kufika pamapazi anga, kudutsa pafupi ndi mkuyu, kudutsa pakati pa dziwe.

Inandinamizira nanenso. Ikataya munthu siinena kuti yamutaya, imangolumikiza pomwe inamuona komaliza ndi pomwe yamupezanso. Galasi linathima m'manja mwanga, batire latha.

* * *

Lemmy tinamupeza akutchaja mafoni, wailesi ikulira.

"A Siaidi! Mwabwera kudzathokoza?"

"Dzina langa ndi Imelda. Tsitsa wailesiyo." Anthu a pamsika anayamba kuyandikira. "Lemmy, anakuuza ndani kuti ng'ombe zinali pamkuyu?"

"Aaa, si amayi Zelesi omwewa? Analira mudzi wonse ukumva."

"Ine?" amayi Zelesi anadziguguda pachifuwa. "Ine ndinalira kuti pachulu! Funsa aliyense pano. Ndinanama, eee, ndavomera, koma bodza langa linali pachulu!"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Lemmy ananyambita milomo.

"Ndiye kuti ndinaona pafoni. Kambendera kaja."

"Kambendera kamasonyeza mtengo. Ng'ombe sizioneka pafoni. Amene ankadziwa kuti zili pamkuyu ndi awiri okha, wozimanga ndi wozimasula. Wozimanga ndi awa."

"Ine ndinali pamaliro."

"Unakhala pafupi ndi ndani?"

Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, kenaka anadumphira kukhomo la kuseri. Sanapite patali. Mawaya ake omwe anamukola mwendo, n'kugwa chafufumimba mafoni a eni akumugwera pamsana. Azimayi ogulitsa nsomba za kapenta ndi amene anamukhalira.

Pofika masana anali ataulula. Anaziona ng'ombezo m'mawa akuchokera kwa chibwenzi chake, ndipo anadikira mpaka mudzi wonse utapita kumaliro. Anakazibisa m'chigafa chakale cha fodya kunjira ya ku Mlolo, kudikira wogula wa Loweruka. Antonio atabweretsa foni madzulo, Lemmy anaona mzere uja n'kuti mwayi wagwa kumwamba. Ankadziwa bwino kuti Kalondolondo imatero ikataya masetilaiti, poti ankaiseweretsa tsiku lililonse. Ankadziwanso wapolisi amene angakhulupirire.

Achitetezo anakazitenga. Amayi Zelesi anamukumbatira Kapiteni m'khosi akulira, anthu akuimba m'manja, ena akunditamanda. Omwe aja ankakuwa dzulo lake kuti obwera abwerere kwawo, lero ankati iwo ankadziwa kale kuti Antonio sangabe. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

* * *

Chitolokosi ndinatsegula ndekha. Ndinamubwezera lamba, zingwe za nsapato ndi foni yake yakufa.

"A Antonio, ng'ombe zapezeka. Anaba ndi Lemmy. Ine ndinalakwitsa. Pepani."

Mawu akuti pepani anatuluka aang'ono kwambiri, osakwana n'komwe pa zimene ndinachita. Iye anangogwedeza mutu, n'kukhala pabenchi kulowetsa zingwe m'nsapato.

"Nanga mzere uja?" anafunsa.

Ndinayamba kufotokoza, ndipo ndivomere kuti m'mawu anga munabwereranso kakunyada. Ndinati foni ikalowa pansi pa mitengo yowirira imataya masetilaiti, ndipo ikatuluka imachedwa kuwapeza.

Manja ake anaima. "Mitengo iti?"

Ndinayang'ana kumbali, iye n'kufunsanso.

"Munafika pakansanza?"

"Sindinalowe. Ndinaima panja."

"Munali ndi ndani?"

"A Moses."

Anasiya chingwe chili lende. Sanakalipe ayi, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Analankhula ngati akudziuza yekha.

"Malume anandinyamula masiku asanu ndi limodzi m'tchire, amayi atatsala m'njira. Nditakula n'kubatizidwa sanandinenepo kanthu. Anangondipempha kantchito kamodzi ka tsiku lawo lomaliza. Musandifunse kuti kotani. Ndikanawakana bwanji?"

"Mukanandinong'oneza ine ndekha."

"Inu mukanalemba m'buku." Anamanga nsapato ija. "Ndinati ndipirire. Ng'ombe ndi zazikulu, sizibisika m'thumba, tsiku lina zikanapezeka. Ndikanatuluka ndili wa mpingo, Felicia osadziwa kanthu, malume nditawasungira ulemu wawo."

"Ndikalankhula ndi a Moses."

"Munawatengera nokha kumeneko, mayi. Mukawauza chiyani, kuti asaone?" Anaimirira. "Ine munandifunsa kasanu, kasanu konse simunandikhulupirire. Foni munaifunsa kamodzi."

Ndinati ndimuperekeze kudzera pamsika, anthu aone kuti watuluka wopanda mlandu, ndiyende naye pambali monga ndinayendera naye dzulo lake. Ndinkaganiza kuti mwina zimenezo zingabweze kenakake.

"Ayi, zikomo," anatero. "Ndidzera kuseri kwa sukulu."

Lachisanu galimoto inatenga Lemmy. A Sajenti atabwera anawerenga lipoti langa, anandigwira chanza n'kunena kuti ndili ndi tsogolo. Mu lipotimo ndinalemba kuti foni inasokonezeka ndi mitengo, osatchula kuti mitengo yake iti. Kunali kutseka pakamwa mawu atatuluka kale.

Kwa a Moses ndinapitabe Loweruka. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Anamvetsera zonse mpaka ndinamaliza, kenaka anati akulu a mpingo anakumana kale dzulo n'kumuimika Antonio mu mpingo, ndipo iwo a Moses sakanatha kukhala pakati pa anzawo atabisa chimene anaona. Ananena akugwetsa misozi, poti Antonio anamuphunzitsa okha katekisimu.

Lamulungu m'mawa ndinali panyumba ndikusita yunifomu. Mvula yoyamba inali itagwa, ndipo kumunda kwa amayi Zelesi kunali kutayamba kale kuoneka mizere ya pulawo. Belu litalira ndinasuzumira pawindo. Felicia analowa m'tchalitchi ndi ana, mutu uli pansi. Antonio anawaperekeza mpaka pampanda, anawongola kolala ya mwana wamkulu, n'kubwerera yekha.

Kwaya inayamba nyimbo yolowera. Ndinaimva bwinobwino, monga ndinkaimvera sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, koma pansi pake panali pobooka. Besi panalibe. Ndinatseka windo, koma inkamvekabe.